Amphaka a aneba akundionongera dimba, nditani?

Abale anga, ndithandizeni nzeru. Kuseri kwa nyumba yanga ku Area 25 ndili ndi kadimba ka mpiru, repu ndi tomato. Amphaka atatu a aneba amadumpha mpanda usiku n'kumakumba pabedi pomwe ndangofesa kumene, kuchitapo chimbudzi n'kukwirira. Dzulo m'mawa ndinapeza mbande za repu zitazulidwa, zili mbwee, mizu ili pamtunda. Chikundidetsa nkhawa n'choti ana amasewera pomwepo, ndiwozo timadyanso tokha.

Ndinayesa kumwaza makoko a malalanje ndi tsabola, koma ndikangothirira fungo limatha. Zothira poizoni ayi, sindingaphe chiweto cha mnzanga. Eni akewo ndi mayi achikulire, timagwirizana kwambiri.

Kodi kuyala waya wa nkhuku kapena minga pabedi kumathandizadi? Nanga mayiwa ndiwauze bwanji kuti asakhumudwe?