Makangaza anga akuchita chikasu pa makande

Mlimi wa ku Chikwawa: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Mu Disembala ndinadzala mitengo 40 ya makangaza. Ya kumtunda, komwe kuli kamchenga, ikukula bwino. Ya kumunsi pa makande masamba achita chikasu, ena akuyoyoka. Maenje ndinakumba masentimita 60 mbali zonse, manyowa ndowa ziwiri dzenje lililonse. Ndithire urea?

Wa nazale ku Balaka: Urea dikirani kaye achimwene. Fukulani umodzi wodwalawo muone mizu. Mbande zake zinali zanthambi kapena zanjere?

Mlimi wa ku Chikwawa: Zanthambi. Ndafukula. Mizu yada bii, ikununkha, khungu lake likusendeka ukangoligwira. Pansi pa dzenje pali matope, chonsecho mvula yatha sabata osagwa.

Mlangizi wa mbewu: Ndiye si njala imeneyo bambo, mitengoyo ikumira. Dzenje la pa makande lili ngati mtsuko. M'mbali mwake madzi sadutsa, koma dothi losakaniza ndi manyowa munabwezeramolo ndi lofewa, ndiye madzi onse a pamunda amathamangira momwemo n'kukhazikika. Mizu imapuma, ikasowa mpweya imaola. Makangaza chilala amapirira, ngakhale nthaka ya kamchere pang'ono amailola, koma chinyontho chosatha ayi. Komanso mtengo wanthambi ulibe muzu waukulu wolowa pansi, mizu yake yambiri imangoyala chapamwamba, mwa dzenje lomwelo.

Mayi wa munda wa zipatso ku Salima: Ineyo zinandigwera zomwezi. Koma achimwene musanyadire kwambiri akumchengawo. Mumchenga ndi momwe mumakonda kupezeka tinyongolotsi totupitsa mizu, tomwe tija ta pa tomato ndi fodya. Ngati pamalopo panali tomato, fukulani m'mbali muone ngati mizu ilibe timaphundu. Ndiponso mchenga suchedwa kuuma. Mukamathirira mwa apo ndi apo, zipatso zidzang'aluka zisanapse.

Mlimi wa ku Chikwawa: Tomato sindinalimepo mayi. Nanga akumunsiwa ndiwazule onse?

Mlangizi wa mbewu: Amene mizu yaoleratu zulani, musataye nawo nthawi. Otsalawo akumbireni ngalande yotulutsa madzi kulowera kumunsi, ndipo musiye kuthirira mpaka dothi litauma. Podzalanso musakumbe dzenje lakuya. Unjikani mtumbira wotalika masentimita 30 kapena 40, wotambalala bwino, mtengo ukhale pamwamba, dothi lilekezere pomwe linalekezera m'chubu. Alimi ambiri a ku Solapur ku India, komwe amalima makangaza ochuluka a mtundu wa Bhagwa, amadzala pa mitumbira chomwechi.

Wa nazale ku Balaka: Musanaunjike, yesani malowo. Kumbani kadzenje, mudzazemo madzi madzulo. Mukawapeza alipobe madzulo a mawa lake, pamenepo makangaza asiyeni, pangowonongeka mbande. Mchenga wa kumtsinje musathire m'dzenje la makande, mtsuko uja umakhalabe mtsuko.

Mlimi wa ku Chikwawa: Zikomo akuluakulu. Ngalande ndiyamba mawa m'mamawa dzuwa lisanatenthe. A ku Balaka, mundisungire mbande 15.