Ogawa matumba akukondera akwawo, titani?

Kapitawo, Thyolo: Akuluakulu, ndithandizeni maganizo. Kwathu kosankhira makadamiya, mnyamata mmodzi amagawira matumba amayi awiri, ndipo mayi aliyense amalipidwa malinga ndi makilo ake. Tsono anyamatawa amayamba kupatsa wolankhula chinenero chawo, winayo n'kumangokhala manja lende. Madandaulo achuluka, makilo atsika. Abwana akuti mtundu uliwonse uzigwira pawokha.

Wa HR (woona za antchito), Limbe: Zimenezo musayerekeze, bambo. Gawo 5 la lamulo la za ntchito, Employment Act ya 2000, limaletsa kusankha antchito chifukwa cha mtundu kapena chinenero. Mukapezeka ku khoti la milandu ya za ntchito, Industrial Relations Court.

Manijala, Kanengo: Bwanji osaitana munthu adzawaphunzitse za kulolerana?

Mphunzitsi, Zomba: Achimwene, maphunziro a tsiku limodzi ine sindiwakhulupirira. Frank Dobbin ndi Alexandra Kalev atafufuza makampani a ku America anapeza kuti maphunziro okakamiza nthawi zambiri amangowawitsa anthu mtima. Koma nkhani ya akapitawoyi ikufanana kwambiri ndi imene Jonas Hjort anafufuza pa famu ya maluwa ku Kenya, yomwe inasindikizidwa mu 2014. Kumenekonso munthu mmodzi ankagawira maluwa anthu awiri olongedza, Akikuyu ndi Aluo atasakanikirana. Wogawa ankachepetsera wa mtundu wina, ngakhale kuti potero malipiro ake omwe ankatsika. Chisankho cha mu Disembala 2007 chitabweretsa ziwawa, kukonderako kunakula. Kampani sinawalekanitse ayi. Inasintha kalipiridwe: olongedza awiri aja ankalipidwa potengera ntchito yawo yophatikiza. Kukondera m'bale wako kunalibenso phindu, ndipo m'magulu omwe awiriwo anali osiyana mtundu ntchito inakwera.

Kapitawo, Thyolo: Ndamva aphunzitsi. Koma amayi ena ndi achangu kwambiri. Sadzati akudyetsa aulesi?

Mphunzitsi, Zomba: Adzatero ndithu. Ku Kenya komweko, m'magulu a mtundu umodzi ntchito inatsikako chifukwa ena ankadalira mnzawo.

Wa HR, Limbe: Ndiye musachotse sikelo ya aliyense. Lembanibe makilo a munthu payekha kuti waulesi aoneke, koma ndalama iwerengedwe pa awiri. Kumbukiraninso kuti kusintha kalipiridwe n'kusintha mgwirizano wa ntchito. Khalani nawo pansi kaye, avomereze ndi kusaina.

Kapitawo, Thyolo: Zikomo amayi. Ndiyesa matebulo anayi mwezi wamawa, enawo akhale momwe alili kuti tifanizire. Lolemba ndikakumana ndi abwana, ndiye aphunzitsi munditumizireko pepala la ku Kenya lija ndikawaonetse.