Kodi bungwe losafuna phindu limapeza kuti ndalama zofufuzira mankhwala?

Mlimi wa thonje, Ngabu

Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Mdzukulu wanga atadwala malungo mwezi watha, kuchipatala anatipatsa LA wa ana, uja amasungunuka m'timadzi, ndipo mwanayo anameza osalavula, pomwe kale tinkachita kupera piritsi lowawa pa supuni, mwana akulira n'kukana. Anamwino anati bungwe lina losafuna phindu ndilo linathandiza kuti mankhwalawa apangidwe. Nanga poti kafukufuku amadya ndalama zankhaninkhani, bungwe lotere limazipeza kuti?

Namwino wopuma, Nsanje

Bambo, bungwelo ndi Medicines for Malaria Venture, lomwe linakhazikitsidwa mu 1999 ndipo likulu lake lili ku Geneva. Mankhwala osungunukawo linatulutsa mu 2009 mogwirizana ndi kampani ya Novartis. Ndalama zake zimachokera ku maboma a mayiko olemera ndi kwa opereka thandizo monga Gates Foundation. Kampani yamalonda imaika ndalama pomwe ikuona ogula, ndipo ife kuchigwa kuno malungo tili nawo ochuluka koma m'thumba mulibe kanthu. Choncho bungwe limasenza gawo la mtengo wa kafukufuku, kampani imabweretsa akatswiri ndi fakitale, ndipo amapangana kuti mankhwala akadzatheka adzagulitsidwe motchipa kumayiko osauka. Ine amene ndinaonapo ana akukomoka ali kumsana kwa amayi awo pamzere, njirayi ndimaiyamikira ndi mtima wonse.

Mphunzitsi, Bangula

Amayi, zonsezo nzoona, koma nkhawa yanga ili pa kudalira mwini thumba. Iye ndiye amasankha matenda oyenera kufufuzidwa, ndipo akatopa ntchito imaima. Taganizirani za njoka, zomwe zimatiluma madzi akasefukira: kampani ina ya ku France inasiya kupanga mankhwala odalirika a ululu wa njoka za mu Africa chifukwa sankaipindulira, ndipo otsiriza anatha mphamvu mu 2016.

Mlangizi wa zaumoyo, Chikwawa

Aphunzitsi, ndikuwonjezereni chimodzi. Katemera wa malungo amene ana athu anayamba kulandira mu 2019 anapangidwa ndi kampani ya mankhwala ya GSK mothandizana ndi PATH, lomwenso ndi bungwe losafuna phindu, koma kuti afike m'mudzi, panjinga, ali wozizira m'bokosi, pamafunika ndalama zina zomwe sizichokera kwa ofufuzawo.