Tiike chiyani pa malata kuti sinowo asatigumukire?

Mnyamata wa ku Goshen, ku Indiana ku America: Akuluakulu, mwaswera bwanji nonse? Ndili ndi funso la kuntchito. Bwana amene ndimamugwirira ganyu Loweruka ali ndi shedi yosungiramo mathirakitala, denga lake ndi la malata aja ma screw ake amaonekera pamwamba. Mu February sinowo yense wa mbali imodzi anatsetsereka nthawi imodzi, anazula gutter, n'kutseka chitseko mpaka tinachita kufukula ndi fosholo. Ndiye akufuna ndimuikire ma snow guard, zotchingira sinowo kuti asatsetsereke padenga, kusanazizire. Wagula kale tapulasitiki 12 ndi guluu, akuti ndingomata pamwamba pa chitseko pokha. Ine mtima ukukana. Amene munagwirapo ntchitoyi ndithandizeni.

Madala a ku South Bend: Mphwanga, usakwere kaye. Tapulasitikito tibwezere m'katoni. Mawa ukafika lowa m'kati mwa shediyo uyang'ane m'mwamba, undiuze chimene chili pansi pa malatawo, kaya ndi matabwa opingasa okha kaya pali plywood. Uyezenso mtunda wa pakati pa misana ya lata, kutalika kwa denga kuchokera pamsonga kufika pomwe madzi amadonthera, ndi kupendekeka kwake. Popanda zimenezi aliyense wokuyankha akungolota.

Mai a ku Mishawaka: Ndikutsatira nawo nkhaniyi. Ine za denga sindizidziwa, koma ndinaona ndi maso. Kunyumba ina kumene ndinkasamalira agogo ena, sinowo wa pa galaja anagwa masana dzuwa likuwala bwinobwino. Phokoso lake ngati lole ikukhuthula mchenga. Anagwera pa kanjira komwe tinkadutsa ndi njinga ya agogowo, ndipo tinali titangodutsapo kumene. Sanali wofewa ngati uja ana amaseweretsa ayi, zinali zibuma zolimba, pansi pake ayezi. Mpaka lero ndikamadutsa m'mphepete mwa denga la malata ndimayamba ndayang'ana kumwamba.

Achimwene a ku Calgary: Zimachitikadi masana, mai. Lata likafunda pang'ono, kaya ndi dzuwa kaya ndi kutentha kochokera m'nyumba, sinowo wogundana ndi latalo amasungunuka n'kusanduka kamadzi. Kamadzi kameneko ndiye girisi, chimulu chonse chimanyamuka. Kuno ku Canada kukawomba mphepo yofunda ija timati Chinook, tsiku lomwelo madenga a malata amakhuthula katundu wawo yense.

Mnyamata wa ku Goshen: Madala, ndayeza. Pansi palibe plywood, pali matabwa a 2x4 okha, otalikirana mapazi awiri. Misana ya lata yatalikirana mainchesi 9. Bwana akuti kukhuthala kwa malatawo ndi 29 gauge. Kuchokera pamsonga kufika kumapeto ndi mapazi 20, shedi yonse m'litali ndi mapazi 60. Kupendekeka akuti 4/12, kutanthauza kuti denga limakwera mainchesi 4 pa mainchesi 12 aliwonse.

Madala a ku South Bend: Wachita bwino. Malata ako ndi aja amati ag panel, odzaza m'mafamu a kuno konse. Akanakhala a misana yotalikirana mainchesi 12 bwenzi ali R-panel. Dzina la ag panel ulisunge chifukwa wogulitsa aliyense adzayamba kukufunsa limeneli.

Choyamba, ukamafufuza pa intaneti uona zambiri zokongola zomanga ndi ma clamp, zosaboola lata. Zimenezo si zako. Ndi za denga la standing seam, lija malata ake amapindirana n'kusiya kamsana koimirira koti clamp ilume. Pa lata lako palibe poluma. Kwa iwe njira ndi ziwiri basi: kumata ndi guluu, kapena kuboola ndi kumanga ndi ma screw.

Za guluu ndikuuze zoona. Amene amagwiritsidwa ntchito kwambiri, Surebond SB-190, amafuna masiku 28 kunja kukufunda kuposa madigiri 10 a Celsius kuti aume n'kugwira. Tili mu October, ku Indiana. Masiku 28 ofunda uwapeza kuti? Ndipo ngakhale utamata mu June, guluu amagwira penti, sagwira nyumba. Penti ikayamba kufumbutuka ndi dzuwa, kapulasitikiko kamapita limodzi ndi sinowo. Ine zaka zanga zoyamba ndinamatapo pa khonde la kasitomala wina, ndinapukuta bwino, ndinadikira, ndinachita zonse. Itatha nyengo yachiwiri yozizira ndinakatola tina m'maluwa ake, pa lata patangotsala zipsera za guluu. Ndinakabwereza ntchitoyo ulele, ndipo kuyambira pamenepo pa denga la ma screw oonekera ndimaboola.

Anthu amaopa kuti kuboola kudonthetsa. Denga limenelo lili kale ndi mabowo mazanamazana, lililonse lotsekedwa ndi kalabala. Bowo lina lotsekedwa bwino si vuto. Vuto ndi bowo lopanda thabwa pansi. Lata la 29 gauge ndi lopyapyala, ukhoza kulipinda ndi manja. Screw yongogwira lata lokha, sinowo akakankha imang'amba n'kusiya chibowo chachitali ngati diso la mbuzi. Ndiye lamulo langa ndi ili: screw iliyonse ilowe mu 2x4. Kupeza thabwalo sikuvuta, mzere wa ma screw akale ukukuuza kale pomwe ladutsa.

Wa ku Joni: Madala pepani ndilowerere. Ife kuno pa malata a IBR, ngakhale kumudzi pa malata wamba, timakhoma pamsana kuti madzi asalowe. Ndiye inu mukuboola m'chigwa momwe madzi amayenda?

Madala a ku South Bend: Funso labwino, achimwene. Inenso nditangofika zinkandizunguza. Kumudzi msomali umakhala pamsana chifukwa ulibe chotsekera chodalirika. Kuno pa malata amenewa ma screw ambiri amamangidwa pathyathyathya, pambali pa msana, chifukwa pamenepo lata lagona pathabwa ndipo washa wa labala amakanikizika bwino. Pamsana pansi pake pali mphako, ukamanga kwambiri msana umaphwanyika, ndipo screw yotalika choncho ikakankhidwa cham'mbali imapindika. Chotchingira sinowo chimakankhidwa cham'mbali nthawi zonse, choncho chimafuna pokhala polimba. Zilipo zina zopangidwira pamsana, koma wopanga amakhala atanena yekha kuti ichi n'cha lata lakuti. Osangoganiza.

Achimwene a ku Calgary: Ndiwerengereko masamu kuti bwanayo akamve, chifukwa mabwana amamva manambala. Tingoyerekeza kuti denga lasenza mapaundi 30 pa kamalo kalikonse ka phazi limodzi m'litali ndi m'lifupi. Nambala yeniyeni ya dera lanu mukaifunse ku ofesi ya county yoona za zomangamanga, imasiyana malo ndi malo, makamaka inu oyandikira Lake Michigan. Mbali imodzi ya shediyo ndi 20 kuchulukitsa ndi 60, ndiye timalo totere 1,200. Kuchulukitsa ndi 30 tikupeza mapaundi 36,000, matani 16 ndi kanthu. Pa denga la 4/12, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a kulemera kumeneku limakhala likukankhira kunsi. Ndiye kuti zotchingirazo zikulimbana ndi matani opitirira 5, ngati matumba a feteleza opitirira 100 ataunjikidwa pa lata loterera. Phazi lililonse la m'mphepete likulandira mapaundi pafupifupi 190.

Tsono taganizani tapulasitiki 12 pamwamba pa chitseko pokha. Sinowo sagawika ngati mizere ya m'munda kuti uyu ndi wa pachitseko, uyu ndi wa pambali. Amagwirana ngati chikwangwa chimodzi. Wa m'mbali akayamba kutsetsereka amakoka mnzake, ndipo katundu wochokera kutali kumanzere ndi kumanja amatsamira pa tinthu ta kumapeto kwa mzere. Kakumapeto kakazuka, kotsatira kamalandira zonse, kenako tonse timapita ngati mabatani a malaya. Mzere uyambe kumapeto kwa denga ukathere kumapeto enawo. Ngati ndalama zachepa, bola kuchita mbali imodzi yonse, ya kuchitseko, inayo idikire chaka chamawa.

Mnyamata wa ku Goshen: Apa ndamva. Ndiye pakati pa timodzitimodzi tija ndi chitsulo chachitali chopingasa, ndisankhe chiti?

Madala a ku South Bend: Zonse zimagwira ntchito zikaikidwa mokwanira. Timodzitimodzi, kaya ta pulasitiki wolimba wa polycarbonate kaya tachitsulo, n'totchipa ukamagula kamodzi, koma timafunika tambiri. Sutiika mzere umodzi wowongoka, umatiika mosemphanitsa ngati mapando a chimanga, ndipo pa denga la mapazi 20 kawirikawiri pamafunika gulu lina chapakati kuti katundu asathere kunsi yense. Pa shedi yako pali povuta pena: matabwa ali pa mapazi awiri aliwonse, ndiye malo oika amakusankhira ndi matabwawo, osati iwe. Uonetsetsenso kuti tsinde la kanthuko likukwana pakati pa timizere ting'onoting'ono ta lata lako, chifukwa likakwera pa kamzere limasiya mpata wolowa madzi.

Ine pa shedi yaitali chonchi ndimakonda chitsulo chopingasa. Mabulaketi amamangidwa pa thabwa limodzi, chitsulo n'kudutsa pa onsewo, katundu n'kugawanika. S-5! ali ndi yawo yotchedwa ColorGard, imene pa malata ngati awa imakhala pa VersaBracket, ndipo bulaketiyo imabwera ili kale ndi phula la butyl pansi. Kutsogolo kwa chitsulocho umalowetsako kachidutswa ka lata la mtundu wa dengalo, patali sichioneka n'komwe. Aliponso ena monga Alpine SnowGuards, Rocky Mountain Snow Guards ndi SnoBlox-Snojax. Sindikutsatsa malonda a munthu. Chimene ndimafuna kwa aliyense wa iwo n'chakuti ndikamupatsa miyeso yanga andiuze mizere ingati, mabulaketi otalikirana bwanji, ma screw ati. Opanga enieni amachita zimenezi. Zija za m'paketi yopanda dzina, zopanda pepala losonyeza kuti zinayesedwa mphamvu, zisiye ngakhale zitchipe bwanji.

Mzere woyamba usakhale pa kadenga kotulukira kunja kwa khoma. Ukhale pamwamba pa khoma kapena kumtunda pang'ono, kumene kulemera kumatsikira m'mizati.

Achimwene a ku Calgary: Ndiwonjezere chimodzi chimene ambiri timaiwala. Ukaika zotchingira, sinowo amene ankadzigwera yekha tsopano azikhala padenga mpaka asungunuke. Nyumba zina za malata oterera zinawerengedwa poganizira kuti sinowo azitsetsereka. Mashedi akale a kumafamu ena ma truss ake, mafelemu osenza denga, ndi otalikirana mapazi 8. Bwanayo afufuze mapepala a ma truss, kapena afunse injiniya ngati dengalo lingasenze. Imeneyo si ntchito yako mphwanga, koma umuuze pa meseji kuti umboni ukhalepo.

Mai a ku Mishawaka: Nanga za ayezi zija zimalendewera m'mphepete ngati mano, ndi madzi olowa m'siling'i, zotchingira sinowozi zimathandizanso pamenepo? Kwathu kuno chaka chilichonse pakona pa khitchini pamanyowa.

Madala a ku South Bend: Ayi mai, amenewo ndi matenda ena. Kutentha kukuthawira m'denga, kumasungunula sinowo, madziwo n'kukaundana kumapeto kozizira. Mankhwala ake ndi kutseka mipata, kuwonjezera insulation ndi kulola mphepo kuyenda m'denga. Snow guard sachiza zimenezo. Ndidzadutsa ndidzaone pakonapo.

Mphwanga, tsiku loikalo. Ma screw ugule amene wopanga wanena, a washa wa labala wa EPDM, otalika moti alowe bwino m'thabwa. Pomanga uziyang'ana washayo: akangofutukuka pang'ono m'mbali, siya. Ukapitiriza ndi makina omangira a impact mpaka labala atuluke ngati lilime, wamupha, pakatha zaka ziwiri adzang'aluka. Screw ikangozungulira osalimba, waphonya thabwa kapena lawola, usasiye choncho. Silikoni uja wonunkha ngati viniga asayandikire lata, amadya Galvalume, chokutira choteteza lata ku dzimbiri. Za kopa nazonso ayi, sizigwirizana ndi malata amenewa. Ukamaliza sesa tizitsulo tonse totuluka poboola, tikagona usiku umodzi ndi mame m'mawa upeza timadontho ta dzimbiri pa denga la eni. Ndipo poti wakwera kale, yendera ma screw akale. Amene atukuka kapena labala wake wauma uwasinthe ndi okulirapo pang'ono.

Wa ku Joni: Ine sinowo ndinangomuonapo kamodzi mu 2012 atagwa kuno ku Johannesburg, koma za tizitsulo ndi dzimbirizo ndi zoona ngakhale kuno. Mukwere bwino achimwene.

Mai a ku Mishawaka: Ndipo mwanawe, amayi ako kumudzi akudikira iwe, osati uthenga. Usakwere m'mamawa lata lili ndi chisanu. Ndawaonapo kuchipatala anyamata ogwa padenga.

Madala a ku South Bend: Mai anena zoona. Lamulo la OSHA, bungwe la boma la America loona za chitetezo pa ntchito, pa zomangamanga limati kuyambira mapazi 6 kupita m'mwamba pakhale chokuteteza kugwa. Chingwe umange pa anchor yakeyake pamsonga. Chitsulo chotchingira sinowo si pomangapo chingwe, si popondapo. Poyenda uziponda pathyathyathya pomwe pali mzere wa ma screw, nsapato za labala wofewa, misana ya lata uzilumpha.

Mnyamata wa ku Goshen: Zikomo kwambiri nonse. Ndamuonetsa bwana masamu a matumba 100 aja, wakhala chete kanthawi kenako wapita kukafufuza mapepala a ma truss mu ofesi. Wavomera chitsulo chopingasa mbali yonse ya kuchitseko, tapulasitiki tija akabweza kusitolo. Miyeso ndatumiza kale kwa ogulitsa, ndikudikira andiuze ngati ukhale mzere umodzi kapena iwiri. Koma lamba wa chitetezo ndilibe. Alipo angandibwereke?

Madala a ku South Bend: Ubwere Lachisanu ukaweruka, ndili naye pamodzi ndi chingwe ndi anchor. Utengenso chingwe changa cha choko, mapazi 60 sungawongole ndi diso. Ngati katundu afika Loweruka lisanakwane undiimbire, bulaketi yoyamba tikamange limodzi.