Makatoni a mabuku afika ku Lilongwe, tiwatenge kapena ayi?

Mlembi: Moni nonse a kwathu. Makatoni a mabuku amene anatumiza achemwali athu a ku Leeds, ku Britain, afika ku Lilongwe. Pakufunika ndalama ya galimoto yowabweretsa ku Nkhotakota, komanso tigwirizane ngati chipinda chija cha kusukulu tichikonze chikhale laibulale.

Achemwali a ku Leeds: Ambiri ndi a masamu ndi sayansi. Katoni imodzi ndi ya nkhani za ukapolo, muli Uncle Tom's Cabin angapo. Ndinaona kuti ana a kwathu, kumene akapolo ankakwezedwa m'zombo, ayenera kuwerenga zimenezi.

A golosale pamsika: Tilipire galimoto chifukwa cha nthano zopeka? Mjigo wa kumtunda unafa dzinja lomwe lija, amayi akutunga kudambo.

Aphunzitsi opuma: Achimwene, buku limenelo musalichepetse. Analemba ndi Harriet Beecher Stowe, linatuluka ku America mu 1852. Chinawawawa mayiwa ndi lamulo la 1850, limene linkakakamiza ngakhale anthu a m'zigawo zopanda ukapolo kuthandiza kugwira kapolo wothawa ndi kumubweza kwa mbuye wake. Wopezeka akubisa kapolo ankatha kulipitsidwa madola 1,000 ndi kukhala m'ndende miyezi isanu ndi umodzi. Zoti ukapolo ulipo anthu ankadziwa kale, abusa ankalalikira, manyuzi ankalemba. Koma mayiwa anawaonetsa Eliza, kapolo wa m'bukumo, atakumbatira kamwana kake, akudumpha pa zibenthu za madzi oundana mumtsinje wa Ohio kuti kamwanako kasagulitsidwe. Mayi aliyense wowerenga anaona mwana wake yemwe. Chaka choyamba chokha anagulitsa mabuku 300,000 ku America, ku Britain kupitirira miliyoni.

Wophunzira zamalamulo ku Zomba: Aphunzitsi, ndiyankhe mwaulemu. Mitima linakhudza, koma lamulo silinagwedezeke msanga. Lamulo la 1850 lija linachotsedwa mu 1864. Ndipo mu 1857, bukulo litawerengedwa kale paliponse, khoti lalikulu la America pa mlandu wa Dred Scott linagamula kuti munthu wakuda sangakhale nzika. Ukapolo unatha ndi nkhondo ya 1861 mpaka 1865 ndi kusintha kwa malamulo aakulu a dziko mu 1865. Ku Britain lamulo lothetsa ukapolo linadutsa mu 1833, bukulo lisanalembedwe n'komwe.

Aphunzitsi opuma: Mwana wanga, zaka wazitchula bwino, sinditsutsa. Koma ndikufunse. Ngati bukulo linali lopanda mano, chifukwa chiyani ku Maryland mu 1857 anagamula mbusa wakuda Samuel Green kukhala m'ndende zaka khumi chifukwa chopezeka nalo m'nyumba? Chifukwa chiyani a kummwera anayamba kulemba nthano zawo zoonetsa akapolo osangalala? Ankanena kuti mayiwa ndi abodza, mpaka mu 1853 mayiwo anatulutsa buku lina la maumboni okhaokha, milandu ya kukhoti ndi zidziwitso za m'manyuzi. Mu 1854 asilikali anachita kuperekeza Anthony Burns m'misewu ya Boston pomubweza ku ukapolo chifukwa cha mkwiyo wa anthu, ndipo chaka chotsatira chigawo cha Massachusetts chinakhazikitsa lamulo lovutitsa kubweza othawa. Amene anavotera Lincoln, pulezidenti wodana ndi ukapolo uja, mu 1860 ambiri anali atawerenga za Tom, kapolo wa m'bukumo, kapena kuonera sewero lake. Lamulo amalemba ndi anthu, ndipo anthuwo amayamba amva kaye kuwawa.

Wophunzira zamalamulo ku Zomba: Komanso dziwani kuti lero dzina la Uncle Tom ndi chitonzo pakati pa anthu akuda ku America, limatanthauza wogonjera azungu. Bwanji ana awerenge Frederick Douglass, amene anali kapolo iye mwini ndipo analemba mbiri yake mu 1845?

Achemwali a ku Leeds: Alimonso m'katonimo.

A golosale pamsika: Zonsezi ndi za ku America. Ine ndikufunsa, ndalama za simenti ya chipinda chomwechi zinapita kuti? Tinasonkha kawiri. Mpaka lero pansi ndi fumbi.

Msungichuma: Bambo, nkhani imeneyi ndinaiyankha. Nthawi imeneyo buku la ndalama silinali m'manja mwanga.

A golosale pamsika: Linali m'manja mwa ndani? Malisiti tinaona?

Mayi wa ku Joni: Inenso ndinatumiza yanga, ngakhale zikomo sindinalandire. Sinditumizanso kanthu mpaka tione lipoti.

Aphunzitsi opuma: Za simenti zinandipweteka inenso, ndipo ndidzazifunsa pamsonkhano. Koma mawu akuti ndi za ku America ndiwakana. Mkuyu uli pamishoni paja, pamene Livingstone anakumana ndi Jumbe, wogulitsa akapolo, m'zaka za m'ma 1860, ana athu amaudutsa tsiku lililonse osadziwa kanthu. Anthu ankawolotsedwa nyanja kuchokera pagombe lathu lomweli, kenako wapansi mpaka ku Kilwa, ku gombe la nyanja yamchere ku Tanzania. Zimene Livingstone ankalemba sizinali zopeka, koma amene ankaziwerenga ku Britain ndi omwe aja anali atalira ndi nkhani ya Tom. Msika wa akapolo ku Zanzibar unatsekedwa mu 1873. Kuno zinapitirirabe mpaka Mlozi, wogulitsa akapolo wina, atagonjetsedwa ku Karonga mu 1895. Agogo a agogo athu anaziona ndi maso. Ndaphunzitsa zaka zimenezi pabolodi moyo wanga wonse, ana ankaloweza, mayeso akatha n'kuiwala. Nthano saiwala.

Alhaji: Aphunzitsi, ana awerenge, sindikaniza. Koma pasakhale kulozana chala. Nkhaniyi ikayamba, ena amafulumira kuloza mzikiti, kuiwala kuti mafumu enanso ankagulitsa anthu awo. Pagulu lino pali zidzukulu za ogwidwa ndi za ogwira, ndipo tinakwatirana kalekale.

Aphunzitsi opuma: Mwanena zoona Alhaji. N'chifukwa chake ndikufuna awerengere pamodzi, wamkulu ali pomwepo.

Mayi wa ku Joni: Wamkuluyo adzalipidwa ndi ndani? Thumba lomwe lija?

Msungichuma: Ngati mukundiyesa wakuba nenani poyera, ndisiye udindo.

Tcheya: Abale, tidekhe. Palibe wanena choncho.

A golosale pamsika: Mjigo uja palibe wandiyankha.

Achemwali a ku Leeds: Amene akusunga makatoniwo ku Lilongwe akuti chipinda akuchifuna mwezi uno ukatha. Ndiwauze chiyani?

Aphunzitsi opuma: Auzeni adikire sabata imodzi. Penshoni ikalowa, katoni ya ukapoloyo ndikaitenga ndekha pa minibasi. Enawo muone a komiti.

Mlembi: Ndiye za galimoto tivota liti?