Tiyambire pati pophunzitsa ana mbiri ya nyimbo za anthu akuda?

Mphunzitsi wa ku Ndirande:
Ndimaphunzitsa Expressive Arts mu Sitandade 6 pasukulu ina ya pulayimale kuno ku Ndirande. Sabata yatha ndinapempha ana kuti atchule zoimbira za makolo athu. Onse anati ng'oma, kenako m'kalasi munangoti zii, kupatula mtsikana mmodzi amene anatchula kaligo chifukwa agogo ake ku Chiradzulu anali naye. Ana omwewa amaimba reggae ndi hip hop pamtima, koma sadziwa kuti nyimbo zimenezi zili pachibale ndi zathu. Zinandiwawa kwambiri. Aphunzitsi anzanga ndi makolo, ndiyambire pati, poti pasukulu pathu palibe choimbira n'chimodzi chomwe?

Mphunzitsi wopuma ntchito, Chileka:
Aphunzitsi, yambani ndi banjo, chifukwa ana amaiona kale m'manja mwa anyamata oimba pamsika, yopangidwa ndi chigubu cha mafuta, thabwa ndi waya wa mabuleki a njinga. Pangani imodzi pamodzi ndi anawo, ndipo ikangolira muwauze ulendo wake. Choimbira chimenechi chinayamba ndi anthu a kumadzulo kwa Africa amene anatengedwa ukapolo kupita ku Caribbean ndi ku America, komwe ankachipanga ndi chipanda ndi chikopa pokumbukira zoimbira za kwawo. Patapita zaka zambiri chinabwereranso kuno, mpaka chinafika m'manja mwa Allan Namoko wa ku Thyolo, amene anali wosaona koma ankachiliza mokhudza mtima.

Mukatero, abweretseni kuno kwathu. Daniel ndi Donald Kachamba anali a kuno ku Chileka, ndipo ankaimba kwela, nyimbo za chitoliro chachitsulo zimene zinakulira m'makomboni a Johannesburg, komwe oimba ankamvera jazz ya ku America n'kuisakaniza ndi mayimbidwe a kwawo. Gerhard Kubik, katswiri wa nyimbo wochokera ku Vienna, anakumana nawo mu 1967, ndipo pambuyo pake a Kachambawo anakaimba mpaka ku Ulaya. Ine ndikamauza ana zimenezi, ankayamba atsutsa kaye kuti munthu wa pamudzi wapafupi chonchi sangatchuke kunja, koma akamva gitala ya Daniel ankakhala chete mpaka nyimbo ithe.

Kholo la ku Chilomoni:
Ndikugwirizana ndi bambo a ku Chileka, koma ndikupempha kusamala pa magule. Gule Wamkulu ndi Vimbuza zinalemekezedwa ndi UNESCO, bungwe la United Nations loona za maphunziro ndi chikhalidwe, mu 2005, ndipo ana ayenera kudziwa zimenezi, komatu kudziwa n'kosiyana ndi kuvina. Ndinaonapo ana atavekedwa zigoba za makatoni kuti atsanzire gule, ndipo akuluakulu amene analipo anakhumudwa chifukwa gule ali ndi eni ake komanso mwambo wake wa kudambwe. Beni ndiye angavinidwe pabwalo la sukulu popanda wodandaula, ndipo iyenso ali ndi mbiri, poti amatsanzira perete wa asilikali a nthawi ya atsamunda.

Woimba kwaya, Zingwangwa:
Mayi a ku Chilomoni anena zoona. Ine ndiwonjezere kuti choimbira chachikulu chili kale m'kalasimo, ndicho mawu a anawo. Aphunzitseni nyimbo ya pamtondo, wina azitsogolera ena azivomera, kenako muwamvetsere pafoni nyimbo zauzimu za akapolo a ku America, zimene gulu la Fisk Jubilee Singers linayamba kuyenda nazo mu 1871. Ana adzazindikira okha kuti kutsogolera ndi kuvomera kuja n'komweko. Nyimbo zakale za kuno ziliponso, chifukwa Hugh Tracey, katswiri wofufuza nyimbo za mu Africa, anajambula oimba bangwe ndi zoimbira zina m'dziko muno m'zaka za m'ma 1950, ndipo zina mwa izo zimapezeka pa intaneti.

Mphunzitsi wa ku Ndirande:
Zikomo kwambiri nonsenu. Chigubu ndi thabwa ndapeza kale, ndipo waya ndikapempha kwa okonza njinga pamsika. Mtsikana uja ndamutuma akafunse kwawo ngati kaligo wa agogo ake akadalipo, kuti ngati n'kotheka abwere naye Lachisanu.