Ndani angandiphunzitse kutera ndi ndege ya tayala la kumchira?

Moni nonse a m'gulu lino.

Ndili ku Kasungu. Laisensi yoyendetsa ndege zing'onozing'ono ndili nayo, koma ndinaphunzirira pa Cessna 172, imene tayala lake lachitatu lili kutsogolo. Tsopano mnzanga wandilola kuti ndiziyendetsako Piper J-3 Cub yake, ndege yakale yokutidwa ndi nsalu, ya injini ya Continental ya mphamvu ya mahatchi 65 (65 hp), katayala kakang'ono kali kumchira. M'mwamba imakoma zedi, chitseko chili chotsegula, ukuyenda mwapang'onopang'ono, minda ya fodya ukuiona bwinobwino. Nkhani ili pansi. Kulemera kwake kuli kumbuyo kwa matayala akuluakulu, ndiye ikatera mphepo ikuwomba cham'mbali mchira umafuna kutsogola. Mapazi akachedwa pa rudder (chiwongolero cha kumchira choyendetsedwa ndi mapazi), ndege imazungulira n'kukhulitsa phiko pansi. Ndekha sindingayerekeze.

Mwiniwakeyo amaidziwa koma si mphunzitsi. Ndafunsafunsa ku Lilongwe ndi ku Blantyre, onse amene ndawapeza amaphunzitsira pa ndege za tayala la kutsogolo. Mavidiyo a pa YouTube ndaonera mpaka bandulo kutha, koma vidiyo siiphunzitsa mapazi.

Kodi alipo amene akudziwa mphunzitsi wovomerezeka wa ndege zoterezi kuno ku Malawi kapena ku Zambia? Ngakhale ku Lusaka ndikhoza kupita kudzera pa Mwami. Kwa inu amene munayendetsapo, m'nyengo ya mwera pa bwalo lafumbi, chabwino n'chiti, kutera matayala atatu pamodzi kapena kuyamba ndi awiri akutsogolo mchira n'kutsika pambuyo? Nanga kutentha kwa Okutobala kuno kumtunda, kainjini aka kamanyamula bwino anthu awiri?

Zikomo, ndithandizeni akuluakulu.